Depute wa sherifi ku America: ntchito yake ndi yotani, ndipo amalembedwa bwanji?

Ku America ukaimba 911 uli kunja kwa tauni, kumafamu uko kapena m'katauni kakang'ono koti kalibe polisi yakeyake, amene amafika pakhomo nthawi zambiri amakhala depute wa sherifi. Pagalimoto pamalembedwa dzina la county, dera longa boma lathuli, pachifuwa pali baji yooneka ngati nyenyezi, m'chiuno mfuti, maunyolo, teza (kachida kogwetsa munthu ndi magetsi) ndi wayilesi, ndipo kawirikawiri amafika yekhayekha. M'ma county aang'ono munthu yemweyo mawa lake umupeza wayima mukhoti pafupi ndi jaji, mkuja akuperekeza mkaidi kuchipatala, tsiku lina akumata pepala pachitseko cha munthu amene lendi yamuvuta. Ntchito zonsezi pamutu pa munthu mmodzi, koma zomuyenereza papepala ndi zochepa moti ukaziona koyamba umadabwa, ndipo nkhani yonse yagona pompo.

Tiyambe ndi mmene zinthu zinakhalira kumeneko, chifukwa ndi zosiyana kwambiri ndi kwathu. Ku Malawi polisi ndi imodzi, likulu ku Area 30, bwana wamkulu ndi Inspector General, wapolisi wa ku Nsanje ndi wa ku Chitipa yunifolomu ndi imodzi, malamulo amodzi. Ku America maofesi a polisi odziyimira paokha alipo pafupifupi 18,000, ndipo mwa amenewa pafupifupi 3,000 ndi a masherifi. Pafupifupi state iliyonse, kutanthauza zigawo zikuluzikulu za dzikolo, inagawidwa m'ma county, tingoti ngati maboma athuwa, ndiye pafupifupi county iliyonse ili ndi sherifi wake. Ku Louisiana amati ma parish koma sherifi alipo ndithu. Ku Alaska kulibe masherifi, ku Connecticut anathetsa udindowu mu 2000, ku Hawaii ndi ku Rhode Island alipo koma ali pansi pa boma la state. Pafupifupi kwina konseko sherifi amachita kusankhidwa pa voti, amapanga kampeni, zikwangwani m'misewu, misonkhano, zonse, ndipo m'ma state ambiri amakhala pampando zaka 4 kenako n'kubwereranso kwa anthu kukapempha mavoti. Mkulu wa polisi ya mzinda amalembedwa ntchito ndi meya kapena khonsolo ndipo angathe kuchotsedwa mawa lomwe, pamene sherifi meya alibe naye mphamvu, makomishonala a county amangogwira thumba la ndalama basi koma sangamuuze kuti manga uyu, siya uyu.

Nde ma depute ndi anthu amene sherifiyo amawalemba n'kuwalumbiritsa kuti azigwira ntchito m'dzina lake. Si munthu mmodzi wachiwiri kwa bwana ayi, alipo ambirimbiri ndipo ali ndi maudindo awo, sajeni, lefutenanti, kaputeni, mpaka kukafika kwa wachiwiri weniweni amene ena amati undersheriff ena chief deputy. Kuchuluka kwawo kumatengera malo. Ofesi ya sherifi ya Los Angeles County, yomwe inayamba mu 1850 ndipo ndi yaikulu kuposa zonse, ili ndi ma depute opitirira 8,000, mahelikopita, maboti, ndende zingapo. Pomwe Loving County ku Texas, kalembera wa 2020 anapezako anthu 64 okha, koma nakonso sherifi aliko.

Ntchito imene anthu amaidziwa kwambiri ndi patrolo. Depute amalondera madera onse a county amene sali pansi pa mzinda uliwonse, ndipo madera amenewa amakula zoopsa, San Bernardino County ku California ndi pafupifupi masikweya kilomita 52,000, kuyandikira theka la Malawi yense, mbali yaikulu chipululu. Palinso mizinda ina imene inaona kuti kukhala ndi polisi yawoyawo n'kodula, ndiye imangolipira sherifi kuti ma depute ake aziilondera. Zimenezi zinayambira mu mzinda wa Lakewood mu 1954 ndipo lero mizinda yopitirira 40 ya mu Los Angeles County imatero. Shifiti m'maofesi ambiri imakhala ya maola 12, usana kapena usiku, Khirisimasi olo Lamlungu zilibe kanthu. Ndipo zambiri zimene amakumana nazo si zothamangitsana ndi zigawenga ngati za m'mafilimu zija. Ndi ngozi yapamsewu, ng'ombe zathyola mpanda zili pakati pa msewu, alamu yalira pasitolo, aneba akukangana za malire, munthu wakomoka ndi mankhwala ozunguza bongo ofunika kumupopera Narcan m'mphuno kuti apume, mwana wasowa m'nkhalango, wodwala maganizo amene abale alephera kumugwira. Akafa munthu pangozi, amene amakagogoda kunyumba kukanena uthenga wa maliro nthawi zambiri ndi depute yemweyo. Akamaliza zonsezo akhale pansi alembe lipoti, ndipo lipotilo loya wa woimbidwa mlandu adzalisanthula mzere ndi mzere mukhoti patapita miyezi.

Ma kolo amene iwo eni amawaopa ndi a nkhanza za m'banja. Tangoganizani 2 koloko usiku, nyumba ili kumapeto kwa msewu wafumbi, mkati mukumveka kukuwa, bambo waledzera, ana akulira, ndipo ku America m'nyumba zambiri zakumidzi mfuti imakhalamo. Wapolisi wa mutauni akaitana anzake amafika mphindi zochepa, koma depute wakumudzi mnzake angathe kukhala kutsidya lina la county, theka la ola kapena kuposa. Nde iyeyo payekha aganize, ndilowe kapena ndidikire, ndimulankhule bwanji munthuyu kuti mtima utsike, ndani akunama, ndani ali pangozi. Apa mfuti siithandiza kwenikweni, chimene chimagwira ntchito ndi pakamwa ndi mutu wozizira. Ichi ndi chifukwa chake ine ndimaona kuti khalidwe la munthu amene wapatsidwa bajiyo ndi lofunika kuposa satifiketi iliyonse.

Komanso sikuti amangochita zimene wafuna. Malamulo aakulu a dzikolo, makamaka Fourth Amendment, amaletsa kusecha kapena kugwira munthu popanda chifukwa chomveka, ndipo kuti alowe m'nyumba nthawi zambiri pamafunika chikalata chosainidwa ndi jaji. Chigamulo cha Supreme Court pa mlandu wa Miranda mu 1966 chimati munthu ali m'manja mwa apolisi asanafunsidwe mafunso auzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete komanso wokhala ndi loya. Cha Tennessee v. Garner mu 1985 chimati sungawombere munthu chifukwa choti akuthawa basi, pokhapokha ngati akuopseza moyo wa ena. Cha Graham v. Connor mu 1989 chimati mphamvu zimene wagwiritsa ntchito ziyesedwe ndi zimene wapolisi woganiza bwino akanachita pamalo omwewo. Depute ayenera kuzidziwa zimenezi pamtima, chifukwa akalakwitsa pang'ono umboni wonse jaji amautaya.

Chimene ambiri sadziwa n'choti theka lina la ntchito ya masherifi lili kundende. Kwathu ndende zili ndi nthambi yakeyake, wapolisi akasiya munthu ku Maula kapena ku Chichiri zake zathera pomwepo. Kumeneko ndende zilipo mitundu iwiri. Zazikulu za state ndi za boma la federo zimasunga amene agamulidwa zaka zambiri, koma ndende za county, zimene amati jail, zimasunga anthu oyembekezera mlandu ndi amene chilango chawo nthawi zambiri sichipitirira chaka, ndipo zambiri mwa izi zimayendetsedwa ndi masherifi. Tsiku lililonse mumakhala anthu opitirira 600,000 dziko lonse, ndipo pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse sanapezeke olakwa, ambiri angolephera kulipira belo. Ku Los Angeles kwa zaka zambiri depute watsopano akachoka kusukulu amayambira kundende, ena kukhalako zaka asanakwere galimoto ya patrolo. Kwina ntchito ya kundende amalemba anthu apadera okhala ndi maphunziro afupiafupi. Ntchito yake ndi kulandira amene angomangidwa kumene, kudinda zala, kujambula, kusunga katundu wawo, kuwerenga akaidi kangapo patsiku, kuleretsa ndewu, kuonetsetsa kuti wa shuga walandira mankhwala, kusuzumira pafupipafupi amene akuoneka kuti angadziphe. Munthu amene wangogwidwa kumene ali woledzera kapena thupi likufuna mankhwala ozunguza bongo, masiku oyambirirawo ndi oopsa kwambiri, ndipo akafera m'chitokosi funso limapita kwa depute amene anali pa shifiti. Kundende n'komwenso nkhanza zimabisala mosavuta poti kulibe anthu odutsa ojambula pafoni. Lee Baca, amene anali sherifi wa Los Angeles County, anapezeka wolakwa mu 2017 pa mlandu wosokoneza kafukufuku wa FBI wokhudza kumenyedwa kwa akaidi m'ndende zake, n'kugamulidwa zaka 3.

Kenako pali za kukhoti, ndipo apa m'pamene pali ubale weniweni ndi masherifi amene timawadziwa kwathu, aja amabwera ndi lole kudzanyamula mafiriji, masofa ndi magalimoto munthu akaluza mlandu wa ngongole. Udindowu mayiko onse awiri anautengera ku England, kungoti kwathu unatsalira pa zokwaniritsa zigamulo za khoti pamene ku America unakula n'kukhala polisi yathunthu. Depute wa kukhoti amasecha anthu pakhomo, amateteza jaji, amalondera anthu a jury (anthu wamba osankhidwa kumva mlandu n'kugamula ngati munthu ndi wolakwa), amabweretsa akaidi n'kuwabweza. Wa mapepala amazungulira ndi masamoni, zikalata zoletsa munthu wankhanza kuyandikira mkazi wake, zikalata zolanda katundu, komanso ndi ofesi ya sherifi imene m'ma state ambiri imagulitsa pa okushoni nyumba zolandidwa chifukwa cha ngongole. Kutulutsa munthu m'nyumba ya lendi nakonso ndi kwawo. Landilodi saloledwa kungosintha loko kapena kutaya katundu panja yekha, ayenera kukawina kukhoti kaye. Ku California khoti likagamula depute amamata chidziwitso pachitseko chopereka masiku 5, akatha amabweranso, landilodi ali pambali ndi munthu wosintha maloko, depute amagogoda, amalowa kuona chipinda ndi chipinda, banja n'kutuluka ndi zimene lingathe kunyamula m'manja. Ndi ntchito yowawa, ndipo mu 2008 nthawi imene mabanki amalanda nyumba zambirimbiri, sherifi wa Cook County ku Chicago, Tom Dart, anaimitsa kaye kutulutsa anthu m'nyumba zolandidwa ataona kuti ma depute ake akutulutsa anthu a lendi amene amalipira bwinobwino mwezi ndi mwezi, osadziwa n'komwe kuti mwini nyumba ndi amene walephera ngongole.

Zina zimatengera state. M'ma county ambiri a ku California sherifi ndi amenenso amafufuza chimene chapha munthu pa imfa zokayikitsa, ku Louisiana amatolera msonkho wa malo ndi nyumba, kwina ma depute amakhala m'masukulu kapena amalondera m'nyanja.

Abale athu amene ali ku Indiana, ku Texas, ku Washington ndi kwina, kapena amene mukuganiza zopita, pali kanthu kamodzi kofunika. Depute akakuyatsirani magetsi kumbuyo, imani pambali, tsitsani galasi, manja pa chiwongolero, ndipo musatuluke. Chizolowezi chathu chija chotsika m'galimoto n'kupita kwa bwana mwaulemu uku ukupisa m'thumba kufuna laisensi, kumeneko amachiona ngati chiopsezo. Muuzeni kaye kuti mapepala ali pakuti musanatambasule dzanja. Ndipo za "ya fanta" musayerekeze n'komwe, ndi mlandu waukulu. Dziwaninso kuti pansi pa ndondomeko yotchedwa 287(g), yochokera mu lamulo la 1996, masherifi ena amasainirana mgwirizano ndi a ICE, nthambi ya boma yoona za anthu olowa ndi kukhala m'dzikomo, moti ma depute awo amafunsa za mapepala okhalira m'dzikomo, makamaka munthu akafika kundende. Masherifi ena amakana. Ndiye county ziwiri zoyandikana zingathe kuchita zosiyana kotheratu, kutengera amene anthu anamuvotera.

Tsopano zomuyenereza. Palibe lamulo limodzi la dziko lonse, state iliyonse ili ndi bungwe lake loona za maphunziro ndi ziphaso za apolisi, ku California amati POST ndipo linayamba mu 1959, ku Texas ndi TCOLE, ndiye sherifi aliyense angathe kuwonjezera zake pamwamba. Koma zimene zimapezeka pafupifupi paliponse ndi izi, zaka zosachepera 21 m'malo ambiri ngakhale ku Florida 19 zimakwana, satifiketi ya high school kapena GED yomwe ndi yofanana nayo, laisensi yoyendetsera galimoto, ndipo usakhale unapezekapo wolakwa pa mlandu waukulu. Digiri siifunika m'malo ambiri, Minnesota ndi imodzi mwa zochepa zimene zimafuna maphunziro a ku koleji a zaka ziwiri. Mlandu wa nkhanza za m'banja, olo ukhale waung'ono, umatseka khomo chifukwa lamulo la federo la 1996 limaletsa munthu woteroyo kugwira mfuti, nde wopanda mfuti sangakhale depute. Amene anachotsedwa ku usilikali mochititsa manyazi nayenso sangalowe. Za unzika, ma state ambiri amafuna nzika ya America, koma California kuyambira mu January 2023 inachotsa lamulo limenelo, chofunika n'choti ukhale ndi chilolezo chogwira ntchito m'dzikomo, ndipo ma state ena angapo amalola a green card.

Ukakwanitsa izi ndiye mzere wa mayeso umayamba, ndipo umatenga miyezi. Mayeso olemba, makamaka kuwerenga ndi kulemba Chingerezi chomveka poti moyo wako wonse ukhala wa malipoti. Mayeso a thupi, kuthamanga, kulumpha mpanda, kukoka chidole cholemera ngati munthu wamkulu. Intavyu pamaso pa mabwana angapo amene amakufunsa zinthu monga ukagwira mnzako wa ntchito akuyendetsa ataledzera utani. Dokotala, kuyeza maso ndi makutu, kuyeza mkodzo ngati muli mankhwala, katswiri wa zamaganizo, m'maofesi ambiri mpaka makina oyezera bodza. Akakutenga umapita ku akademe, ndipo masukulu amenewa alipo opitirira 600, ena a state, ena a makoleji, ena a sherifi mwini. California imafuna maola osachepera 664, Florida 770, dziko lonse avereji yake ili cha m'ma 800, kutanthauza miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Amaphunzira malamulo, kuwombera, kuyendetsa galimoto mothamanga, kugwira munthu, chithandizo choyamba, ndipo amalawitsidwa utsi wa tsabola m'maso kuti adziwe kuwawa kwake. Akamaliza amayenda miyezi ingapo m'galimoto imodzi ndi depute wakale amene amamulemba mamakisi tsiku ndi tsiku, kenako pulobeshoni ya chaka kapena kuposa. Malipiro apakati a apolisi ndi ma depute a patrolo mu 2023 anali opitirira pang'ono $70,000 pachaka, koma chiwerengerochi chimabisa zambiri, a ku California amalandira zoposa pamenepa ndithu pomwe m'ma county osauka akumwera ena safika olo theka lake, ndiye abwinoabwino amathawira kumene kuli ndalama n'kusiya maofesi aang'ono akusakasaka anthu.

Miyezi sikisi kwa munthu amene apatsidwe mphamvu yomanga ndi yowombera, kwa ine ndi yochepa. Koma sefa yeniyeni si akademe, ndi kafukufuku wa mbiri ya munthu. Wofufuza amayenera kupita kwa mabwana akale, aneba, achibale, amene unasiyana naye banja, kuona ngongole zako, milandu yapamsewu, zimene umalemba pa Facebook. Akachita bwino ntchito imeneyi anthu aukali ndi abodza amagwa pompo. Vuto ndi loti amene amagamula pomaliza ndi sherifi yekha, ndipo sherifiyo m'ma state ena safunika n'komwe kukhala woti anagwirapo upolisi, bola wawina voti. Ku North Carolina mpaka mu 2010 anachita kusintha malamulo aakulu a state kuti munthu amene anapezekapo wolakwa pa mlandu waukulu asamakhale sherifi, ndipo komweko depute amagwira ntchito malinga ngati sherifi akumufuna, bwana watsopano akalowa angathe kusalumbiritsanso amene amachemerera mnzake pa kampeni. Depute wotero akaona zolakwika kuti alankhule pamafunika mtima. Ku Rankin County ku Mississippi, ma depute asanu ndi wapolisi mmodzi wa mzinda analowa m'nyumba popanda chikalata mu January 2023 n'kuzunza amuna awiri akuda, mmodzi mpaka kumuwombera m'kamwa. Gululi linkadzitcha Goon Squad, ndipo mu 2024 khoti la federo linawagamula zaka kuyambira 10 mpaka 40.

Nkhani imene imandipweteka kwambiri ndi ya Sonya Massey, mayi wa zaka 36 wa ana awiri wa kufupi ndi Springfield ku Illinois. Pa 6 July 2024 usiku anaimba yekha 911 kuti akuganiza kuti panja pali munthu akuzungulira nyumba. Anabwera ma depute awiri a Sangamon County, anayang'ana panja osapeza munthu, n'kulowa m'nyumba. Pa chitofu panali poto wa madzi otentha, anamuuza kuti akauchotse, ndipo mphindi yomweyo mawu atasinthana pang'ono depute Sean Grayson anasolola mfuti n'kumuwombera kumaso m'khitchini mwake momwe, mayiyo atanena kale kuti pepani. Kamera ya Grayson inali isanayatsidwe, zonse zinajambulidwa ndi kamera ya mnzake. Atayamba kufukula mbiri yake zinapezeka kuti anali ndi milandu iwiri yoyendetsa galimoto ataledzera, ya 2015 ndi 2016, anachotsedwa ku usilikali chifukwa cha khalidwe ngakhale sikunali kuchotsedwa kochititsa manyazi kuja kotseka khomo, ndipo m'zaka zinayi zokha anali atagwira ntchito m'maofesi a polisi 6. Zaka anali nazo, sukulu anali nayo, chiphaso cha state anali nacho, papepala palibe chimene chimamuletsa. Zonse zokayikitsazo zinali zoti munthu wofufuza mofatsa akanaziona n'kunena kuti uyu ayi.

Kulumphalumpha kotereku n'kofala chifukwa ofesi yaing'ono ikapeza munthu woti ali kale ndi chiphaso imasangalala kuti siilipira akademe, ndipo kumene akuchokako nthawi zina amangomulola kusiya yekha mwakachetechete kuti apewe milandu. Pali kaundula wa dziko lonse wa apolisi olandidwa ziphaso, National Decertification Index, koma amene sanalandidwe chiphaso samapezekamo. Sherifi wa Sangamon County, Jack Campbell, anatula pansi udindo mu August 2024 anthu atakwiya, county inagwirizana ndi banja la malemuyo kulipira $10 miliyoni, ndipo mu October 2025 jury inapeza Grayson wolakwa pa mlandu wakupha wa second-degree. Mu August 2025 bwanamkubwa wa Illinois, JB Pritzker, anasainira lamulo lotchedwa dzina la Sonya Massey, lokakamiza ofesi iliyonse ya polisi kapena ya sherifi mu state imeneyo kuitanitsa ndi kuwerenga mafayilo onse a kumene munthu anagwirako ntchito isanamulembe. Lamuloli limagwira ku Illinois kokha, kwina zikutengerabe malamulo a state iliyonse ndi sherifi amene ali pampando.